Mbiri ya ombwe m'dimba: chifukwa chake wina amapha tizilombo pamene wina sapha

Zaka zingapo zapitazo, pa tsiku la chionetsero cha zaulimi, mlimi wina wotsogola anandiitanira pambali n'kundionetsa bedi lake la mpiru. Masamba anali atapiringizika, kunsi kwake kuli nsabwe zokhazokha. Iye anati: "Alangizi, mtengo wanu uja ndi wabodza. Ndapopera katatu monga munatiphunzitsira, koma taonani nokha." Ndinawafunsa bambowo ngati anasinja bwino masamba, ngati anawaviika usiku wonse, ndiponso ngati anapopera madzulo. Zonse anayankha kuti anachita. Ndinachoka ndikuganizabe kuti pali pamene analakwitsa.

Lero ndikuona kuti n'kutheka kuti bambowo sanalakwitse kalikonse. Ombwe, amene ena amati mthuthu, a Chitumbuka amati mtetezga, ndipo asayansi amati Tephrosia vogelii, sali mtundu umodzi monga tinkaganizira. Kuti timvetse mmene mbewu yosapha tizilombo inafikira m'manja mwa alimi, tiyenera kutsata mbiri ya chomerachi. Mbiriyo ikutiuzanso malo oyenera kuchibzala ndi malo amene sichiyenera kufika.

Chiyambi chake ndi ku mtsinje

Ombwe ndi chitsamba cha m'gulu la nyemba chimene kwawo ndi kuno ku Africa. Chimatalika mamita awiri kapena atatu, masamba ake ndi aubweya, maluwa ake ndi oyera kapena ofiirira. Makolo athu ankachidziwa kalekale, ndipo ntchito yake yaikulu inali yophera nsomba. Ankasinja masamba, n'kuwathira padziwe m'chilimwe madzi akachepa, ndipo posakhalitsa nsomba zinkayandama zitaledzera. M'madera ambiri a Africa chomerachi chinkabzalidwa dala pafupi ndi midzi chifukwa cha ntchito imeneyi. Ena ankachigwiritsa ntchito pochotsa nsabwe, utitiri ndi nkhupakupa pa ziweto.

Dzina lachisayansi linabwera m'zaka za m'ma 1800. Theodor Vogel, katswiri wa zomera wa ku Germany, anapita nawo pa ulendo wa Angerezi wa ku mtsinje wa Niger mu 1841, ndipo anamwalira chaka chomwecho pachilumba cha Fernando Po. Zomera zimene anatolera zinakafika ku England, ndipo mu 1849 Joseph Dalton Hooker analemba za chomera chathuchi n'kuchitcha dzina lokumbukira Vogel.

Kupha nsomba ndi mankhwala n'koletsedwa m'dziko muno, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 likunena zimenezi momveka. Komabe asodzi akalewo ndi amene anatsegula maso asayansi. Funso linali lakuti, ngati tsamba likupha nsomba, kodi silingaphenso mbozi?

Mmene asayansi anapezera mphamvu yake

Anthu a ku Asia ankapha nsomba ndi mizu ya chomera chotchedwa Derris, ndipo a ku South America ankagwiritsa ntchito Lonchocarpus. Zonsezi ndi za m'gulu la nyemba monga ombwe. Mu 1895 kunatuluka zolemba za Emmanuel Geoffroy wa ku France zofotokoza poizoni amene anamutulutsa mu Lonchocarpus wa ku French Guiana. Mu 1902 Nagai wa ku Japan anatulutsa poizoni yemweyo mu Derris, ndipo dzina lakuti rotenone linachokera pa ntchito yakeyo. Mu 1907 Hanriot, wa ku France nayenso, anatulutsa m'masamba a ombwe mankhwala amene anawatcha tephrosin. Pambuyo pake kunapezekanso ena otchedwa deguelin. Mankhwala onsewa ndi apachibale, ndipo mu ombwe amene amachuluka kwambiri ndi deguelin.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana. Amatsekereza njira imene maselo a m'thupi amagwiritsira ntchito mpweya popanga mphamvu. Kachilombo kamene kadya kapena kukhudzidwa nawo kamasiya kudya, kamafooka, kenako n'kufa. Sikagwa nthawi yomweyo monga zimakhalira ndi mankhwala ena a m'botolo. Nsomba zimafa msanga chifukwa poizoniyo amalowa m'magazi mwake kudzera m'makha. Mankhwalawa sasungunuka bwino m'madzi okha, ndipo akakhala padzuwa amatha mphamvu m'masiku ochepa. Mfundo ziwirizi n'zimene zimachititsa kuti tiziwonjezera sopo komanso kuti tizipopera madzulo.

M'zaka za m'ma 1920, Frederick Tattersfield ndi anzake pa malo a kafukufuku a Rothamsted ku England anayesa zomera zophera nsomba zochokera m'maiko osiyanasiyana pa nsabwe za nyemba, ndipo ombwe anali m'gulu la zimene zinaonetsa mphamvu. Pofika m'ma 1930 ufa wa Derris unali malonda aakulu, ndipo alimi a ndiwo zamasamba ku Ulaya ndi ku America ankaudalira. Mu 1942 Japan atalanda Malaya ndi zilumba zimene lero ndi Indonesia, ufawo unasowa, ndipo ogula anatembenukira ku Peru. Ombwe anakopanso chidwi chifukwa mankhwala ake ali m'masamba, pamene Derris amafuna kudikira zaka kuti ukumbe mizu. Ofufuza a boma la America ku Mayagüez, pachilumba cha Puerto Rico, anatha zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akusankha mitundu ya ombwe yamphamvu, ndipo mu 1972 anatulutsa kabuku ka zotsatira zake. Koma nthawiyo msika unali utapita kale kwina.

Nyengo ya mankhwala a m'botolo

Mu 1939 Paul Müller wa ku Switzerland anapeza kuti DDT amapha tizilombo, ndipo mu 1948 analandira mphoto ya Nobel. DDT anali wotchipa, ankapha mitundu yambiri ya tizilombo, ndipo sankatha mphamvu msanga. Nkhondo yachiwiri itatha, mankhwala ochokera ku zomera anayamba kuoneka achikale.

Chenjezo loyamba pa mbewu za m'munda linachokera m'dimba la kabichi. Mu 1953 ku Java kunapezeka kuti Plutella xylostella, kambozi kobiriwira kamene kamaboola masamba a kabichi, repu ndi tchayinizi ngakhale kuno kwathu, sikankafanso ndi DDT. Kuchokera nthawi imeneyo kambozika kakhala kakupirira pafupifupi gulu lililonse la mankhwala limene alimi akaponyera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kamaswana mibadwo yambiri pachaka, ndipo mlimi akamapopera mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata, timbozi tochepa topirira ndi timene timatsala n'kuswana. Nthawi yomweyo mankhwalawo amapha timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi mwa mboziyo. Mdani wake akatha, mbozi imatsala pa ufulu.

Buku la Rachel Carson lotchedwa Silent Spring linatuluka mu 1962, ndipo linadzutsa mkangano waukulu wa kuipa kwa mankhwala okhalitsa m'chilengedwe. Pangano la ku Stockholm la 2001 linachotsa DDT pa ulimi, n'kumusiyira ntchito yolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu. Kuno kwathu lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Komabe aliyense amene amayenda m'misika akudziwa kuti mlimi wa m'dimba amagulabe mankhwala opimidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, amawasakaniza moyerekeza, ndipo nthawi zina amathyola masamba mawa lake atapopera.

Ombwe anabweranso kudzera ku nthaka

Amene anabweretsanso ombwe m'minda ya alimi ambiri anali akatswiri a nthaka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la ICRAF linayamba kafukufuku wa mitengo yobwezeretsa chonde ku Makoka m'boma la Zomba ndi ku Msekera pafupi ndi Chipata, ku Zambia. Ku Msekera, Freddie Kwesiga ndi anzake anayesa kugoneka munda zaka ziwiri kapena zitatu utabzalidwa jerejere, ndipo ombwe analowa nawo m'mayeso otere. Mu 1994 kwacha inagwa mphamvu, ndipo m'zaka zomwezo boma linachotsa sabuside ya feteleza. Thumba la feteleza linakwera mtengo mwakuti mabanja ambiri anasiya kugula. Njira iliyonse yopezera nayitirojeni popanda ndalama inakhala yofunika.

Ombwe anali ndi zabwino zingapo. Amabzalidwa ndi njere m'munda momwemo, osafuna nazale. Mizu yake ili ndi timatuza momwe mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya. Masamba ake amayoyoka ambiri ndipo akawolerana amafewetsa nthaka. Mbuzi ndi ng'ombe sizimudya kawirikawiri, choncho amapulumuka m'chilimwe ziweto zikamayenda momasuka. Ntchito ya Malawi Agroforestry Extension Project, imene inayamba m'ma 1990 ndi thandizo la America, pamodzi ndi mabungwe ena ambiri, inalimbikitsa kubzala ombwe pansi pa chimanga n'kumusiya m'munda chilimwe chonse. Njere zinagawidwa zambiri, ndipo alimi anapitiriza kupatsana okhaokha.

Apa ndi pamene panayambira vuto lathu. Wosankha mbewu yobwezeretsa chonde amayang'ana kukula msanga ndi kuchuluka kwa masamba. Zoti masambawo akupha nsabwe kapena ayi sizinali m'mafunso ake. Mbewu ina yokula bwino inkagawidwa ndi dzina lakuti Tephrosia candida, umene ndi mtundu wa ku Asia. Kwa mlimi zonsezi zinali ombwe basi. Pamene uthenga wa mankhwala achilengedwe unafika kudzera mwa alangizi ndi pa wailesi, mlimi anathyola masamba a ombwe amene anali naye m'munda, osadziwa kuti mbewuyo inasankhidwira ntchito ina.

Zimene zinapezeka mu 2012

Kafukufuku amene Stephen Nyirenda wa ku Lunyangwa ndi anzake anachita pakati pa alimi a ndiwo zamasamba kumpoto kwa Malawi ndi kummawa kwa Zambia, amene anatuluka mu 2011, anasonyeza kuti ombwe ndiye chomera chimene alimi ankachitchula kwambiri pa zophera tizilombo. Koma maumboni anali osiyana, ena akutamanda, ena akudandaula.

Gulu la ofufuza a ku Kew, a Natural Resources Institute ya ku Greenwich, a ICRAF ndi a nthambi ya kafukufuku wa zaulimi ya kuno kwathu linatolera masamba m'minda ya alimi n'kukawapima. Zotsatira zake, zimene Philip Stevenson ndi anzake anasindikiza mu 2012, zinasonyeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi deguelin, tephrosin ndi rotenone. Mtundu wachiwiri ulibe mankhwala amenewa, uli ndi ena amene sathandiza pa ntchito yopha tizilombo. M'malo 13 a m'Malawi momwe anatolera masamba, pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zilizonse chinali cha mtundu wachiwiri. Anapezanso kuti mbewu imene inkatchedwa Tephrosia candida inali ombwe yemweyu wa mtundu wachiwiri.

Chaka chomwecho Steven Belmain ndi anzake anayesa mitundu iwiriyi pa anankafumbwe a khobwe. Woyamba unapha, pamene wachiwiri sunachite kanthu kooneka. Mu 2019 Angela Mkindi wa ku Tanzania ndi anzake anapima ombwe wa ku Kenya, Tanzania ndi Malawi. Anapezanso mitundu iwiri ija, kuwonjezera wachitatu wochepa umene uli ndi mankhwala a mbali zonse ziwiri.

Ombwe wa mtundu woyamba, akakonzedwa bwino, amagwira ntchito. Mayeso a pa nyemba, khobwe ndi nandolo amene anachitika ku Malawi ndi ku Tanzania, amene Yolice Tembo wa ku Bunda ndi anzake anasindikiza mu 2018, anayerekeza ombwe, deliya, futsa ndi zomera zina ndi mankhwala ogula. Mankhwala ogula ndiwo ankapha tizilombo tambiri, koma zokolola za m'mabedi opopera zomera zamphamvu sizinatsalire kutali, ndipo tizilombo tothandiza mlimi tinatsala tambiri m'mabedi amenewo. Mfundo yomalizayi ndi yofunika m'dimba, chifukwa akangaude odya tizilombo, timavu ndi tizikumbu tamadonthomadontho todya nsabwe timagwira ntchito tsiku lililonse popanda malipiro.

Vuto la pansi pa nthaka

Pali chinthu china chimene uthenga wathu unkachidumpha. Ombwe ndi jerejere amagwidwa ndi nyongolotsi zotupitsa mizu za mtundu wa Meloidogyne, ndipo zimaswana bwino m'mizu yawo. Kwa chimanga vutoli silikula kwenikweni, n'chifukwa chake m'mayeso a chimanga silinkaoneka. Koma tomato, therere, mabiringanya, nyemba, kaloti ndi fodya zimavutika nazo kwambiri, makamaka pa dothi lamchenga. Mlimi amene wazula ombwe n'kuwokera tomato pamalo pomwepo akhoza kuona mbewu zikufota masana ngakhale wathirira, ndipo akazula amapeza mizu ili mfundomfundo.

Alangizi aziphunzitsa alimi kusiyanitsa zinthu ziwiri pa muzu wa ombwe. Timatuza ta nayitirojeni timakhala pambali pa muzu, timathothoka ukatikhudza ndi chala, ndipo ukatiswa m'kati mwake mumakhala mofiirira. Zotupa za nyongolotsi ndi muzu weniweniwo umene watupa, ndipo sizichoka pokhapokha utathyola muzuwo.

Choncho ombwe azibzalidwa m'munda wa kumtunda kapena m'malire, kutali ndi mabedi ndi nazale. Chimene chizipita kudimba ndi masamba ake, kaya ngati mankhwala opopera kapena ngati zopangira manyowa a kompositi. Pamalo pamene nyongolotsi zachuluka kale, pabzalidwe chimanga kapena udzu nyengo ingapo. Alimi a fodya a ku Zimbabwe akhala akugwiritsa ntchito udzu wa Katambora Rhodes pa kasinthasintha wotere kwa zaka zambiri. Manyowa owolerana bwino amathandizanso, chifukwa nthaka yokhala ndi zamoyo zambiri imakhala ndi adani a nyongolotsizi, ndipo mbewu ya mizu yamphamvu imapirira. Nayitirojeni wopitirira muyeso nayenso ali ndi vuto lake, chifukwa masamba anthete kwambiri amakopa nsabwe.

Chachilengedwe nachonso ndi poizoni

Mawu akuti mankhwala achilengedwe apusitsa anthu ambiri. Mu 2000 ofufuza a pa yunivesite ya Emory ku America anasonyeza kuti makoswe amene analowetsedwa rotenone m'thupi kwa nthawi yaitali anaonetsa zizindikiro zofanana ndi matenda onjenjemera a Parkinson. Mu 2008 maiko a European Union anachotsa rotenone pa mndandanda wa mankhwala ololedwa pa mbewu. Madzi a ombwe amene mlimi amapanga ndi osungunuka kwambiri poyerekeza ndi zimene makoswewo analandira, komabe wosinja ufa wake azitseka pakamwa ndi mphuno, ndipo wopopera azivala zoteteza manja ndi kusamba akamaliza. Madimba athu ambiri ali m'mbali mwa mitsinje ndi madamu a nsomba. Kutsuka mpope kapena kutaya zotsala m'madzi amenewo n'chimodzimodzi ndi kuthiramo katupe.

Zoti tichite nyengo ino

Choyamba, tisachulukitse kapena kugawa njere za ombwe tisanamuyese. Kuyang'ana ndi maso kokha sikokwanira kusiyanitsa mitundu iwiri ija. Mlimi wotsogola akhoza kuyesa yekha. Atenge mabotolo awiri ouma, aikemo khobwe kapena nyemba zofanana kuchuluka, zokhala ndi anankafumbwe amoyo owerengedwa. M'botolo limodzi asakanizemo ufa wa masamba a ombwe, linalo alisiye lopanda kanthu. Atseke ndi kansalu, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi awerenge akufa. Ngati palibe kusiyana, abwereze kachiwiri. Zikafanana, chitsambacho chisiyidwe ku ntchito ya chonde. Zitsamba zimene zapambana ziikidwe chizindikiro, ndipo njere za mankhwala zizitengedwa kumeneko, makamaka ngati zili patali ndi ombwe wosapha.

Chachiwiri, kakonzedwe kakhale kamodzi kuti tizitha kuyerekeza zotsatira. Masamba aumitsidwe pamthunzi, asinjidwe, ndipo ufa usungidwe m'thumba pamalo pamdima. Muyeso umene unagwiritsidwa ntchito m'mayeso a nyemba aja ndi wofanana ndi kilogalamu imodzi ya ufa m'malita 10 a madzi, kuwonjezera mamililita 10 a sopo wamadzimadzi. Zikhale tsiku lathunthu, kenako zisefedwe ndi nsalu kuti mpope usatsekeke. Kupopera kuchitike madzulo, kulunjika kunsi kwa masamba, tizilombo tisanachuluke. Poti mankhwalawa amatha msanga padzuwa, pamafunika kubwereza pafupifupi sabata iliyonse ngati tizilombo tikadalipo. Masamba odya asathyoledwe mpaka patapita masiku angapo, ndipo atsukidwe bwino asanaphikidwe kapena kupita ku msika.

Chachitatu, pa dimba lililonse lachitsanzo pakhale bedi limodzi losapopera. Popanda bedi lotere, mlangizi ndi mlimi amangotsutsana, wina akuti zagwira, wina akuti sizinagwire. Lembani tsiku lopopera, kumene masamba anachokera, mbewu, kachilombo ndi zimene mwaona. Ombwe si mankhwala a kachilombo kalikonse, ndipo zolemba zoterezi n'zimene zingatiuze pamene akuthandiza ndi pamene mlimi afunika njira ina.

Chachinayi, pozula ombwe kapena mbewu ina iliyonse m'dimba, yang'anani mizu musanasankhe chobzala pamenepo.

Ntchito ya nthaka ndi ntchito ya tizilombo zinayenda padera kwa zaka zambiri, ngakhale chomera chinali chimodzi ndipo mlimi anali yemweyo. Amene anaona msanga kuti pali cholakwika anali alimi, monga bambo a mpiru aja, koma ife tinathamangira kuwafunsa ngati anasinja bwino. Mlimi akakuuzani kuti ombwe wake sakupha, lembani dandaulo lakelo, funsani kumene njere zinachokera, tengani masamba a chitsamba chomwecho, muwaumitse pamthunzi, ndipo muwatumize kuno ku siteshoni pamodzi ndi lipoti lanu la mwezi.